Chilolezo Chogwetsa Munthu Wamkulu

Ntchito yanga ku Rockingham, kufupi ndi Perth kuno ku Australia, ndi yoonetsetsa kuti okalamba asagwe. Kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwaveka, zonsezo ndimachita, koma chachikulu ndi chimenecho. M'nyumba yosamalira okalamba momwe ndimagwira, munthu akagwa pamabwera mafomu, mafoni kwa achibale ndi mafunso osatha. Dzanja langa linazolowera kukhala pafupi ndi chigongono cha aliyense wa imvi. Ngakhale m'sitima, kapena m'mashopu a ku Cannington, ndimangozindikira dzanja lanyamuka lokha kulondola munthu amene sindikumudziwa n'komwe.

Ndinaleredwa ndi agogo anga aakazi ku Lizulu, makolo anga atamwalira ndisanayambe sukulu. Agogo ankagulitsa kachewere ndi kabichi m'mbali mwa msewu. Sanali munthu wa nkhani, ndipo malamulo awo anali ochepa: ukakumana ndi wamkulu panjira, patuka, usamuyang'ane m'maso, usadutse kutsogolo kwake osapempha. Ndikalakwitsa sankakalipa, ankangonditsina pantchafu. Ndinakula wosayankhulayankhula. Ndinkadziwa mmene tsiku likhalire poona mmene agogo aponyera phazi potuluka m'nyumba, ndipo pamsika ndinkasiyanitsa wogula ndi wongofunsa mtengo asanatsegule pakamwa. Thupi lokha ndi limene linakana kudzichepetsa. Ndinatalika kuposa anyamata onse a m'kalasi mwathu, ndipo mapewa angawa akuti ndi a abambo anga, amatero amene anawaona.

Lachitatu lililonse masana kunkabwera bambo ena akuda a ku America kudzaona apongozi awo aakazi, omwe ankakhala m'chipinda cha kumapeto. Anali aatali moti ankawerama polowa pakhomo. Zala zawo ziwiri zinali zokhota ngati mizu ya chinangwa, ndipo ankayenda mosamala ngati munthu woponda pa ziputu. Tsiku lina m'chipinda chodyera agogo ena aamuna anadzandira ndi chitsulo chawo choyendera. Ndinawatchinga ndi chiuno n'kuwakhazika pampando, ndipo kapu imene anaigunda ikugwa patebulo ndinaiwakha ndi dzanja lamanzere. Ine sindinaonepo chachilendo. Bambo aja anaika pansi supuni imene ankadyetsera apongozi awo.

"Chemwali, munasewerapo mpira?"

"Netiboli pang'ono, kusekondale."

"Munkaima pati?"

"Kumbuyo. Kotchinga."

"Ndinadziwa," anatero, n'kuseka okha.

Mpira umene ankanena ndi wa kwawo, wosewera mutavala zipewa zolimba ndi zotchinga m'mapewa. Mpira wake ndi wosongoka mbali zonse ziwiri ngati papaya wamng'ono. Matimu awiri amaima mizere moyang'anizana, atawerama. Kumbuyo kwa mzere wanu kumaima woponya mpira, ndipo a timu inayo amafuna kubowola mzerewo kuti amugwetse asanaponye. Kumapeto kwenikweni kwa mzere kumaima munthu amene amamutcha taiti endi. Ameneyu ali ndi ntchito ziwiri: nthawi zambiri amakankha woyang'anizana naye kuti asafike kwa woponya, ndipo mwa apo ndi apo amachoka pamzere n'kuthamanga kukawakha mpira. Bambowo anakhalapo taiti endi wolipidwa ku America kwa zaka zingapo. Tsopano ankaphunzitsa timu ya azimayi ya kuno, yongosewera mwa chikondi, ya manesi, aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'mashopu.

Mbiri yawo ndinaimva pang'onopang'ono, Lachitatu ndi Lachitatu, apongozi awo akamawodzera pampando ine ndikupinda matawulo. Tsiku limene matimu akuluakulu amasankha anyamata ochokera m'makoleji, iwo anakhala ndi amayi awo pafupi ndi foni kuyambira m'mawa, koma foniyo sinalire. Patapita masiku timu ina inawaitana kuti akayesedwe. Inawatenga, inawachotsa, ina inawatenga, inawachotsanso. Chikwama sankachimasula chonse. Anati wosewera aliyense amapatsidwa buku lalikulu la kaseweredwe ka timuyo, ndipo munthu wa mu ofesi akangokugogodera n'kunena kuti akochi akukufuna, utengenso buku lako, ndiye kuti ntchito yatha. Mawu amenewo anawamvapo kangapo.

Pa TV dzina lawo silinkatchulidwa kawirikawiri, chifukwa kamera imatsata mpira, pamene iwo ankakhala m'mphepete akulimbana ndi munthu. Amayi awo anaphunzira kuonera masewero maso ali pakona ya TV. Tsiku limene mwana wawo anawakha mpira n'kugoletsa, mayiwo anali akumufunafuna pakona pomwepo, ndipo anachita kuuzidwa ndi anansi amene anabwera akuthamanga. Mawondo atatha, bambowo anakwatira nesi wa ku Australia amene anawasamalira pa opaleshoni yomaliza, n'kubwera naye kuno. Zonsezi ankazifotokoza akuseka, ngati za munthu wina.

Bambowo anandiitana kuti ndikayesere mpirawo pa timu yawo. Ndikanakhala ndekha sindikanapita. Koma ndinalakwitsa kuuza mnzanga wa ku Zambia amene ndimagwira naye ntchito n'kukhalanso naye nyumba imodzi, mtsikana wamfupi wa ku Chipata amene pakamwa pake sipapuma.

"Iwe, munthu akuuza ati thupi yako ili na nchito, iwe ukana? Tiye. Ine nizankhala chabe pambali, nizikuseka."

Anapitadi kukandiseka. Koma mpira utagubudukira pomwe anakhala, anautola n'kuuponya, ndipo unakagwera m'manja mwa akochi, bambo aatali aja, kutali ndithu. Woponya wa timuyo anali atangosiya chifukwa anali woyembekezera. Pofika mwezi wotsatira mnzangayo anali woponya, ine taiti endi, ndipo ntchito yanga inali yoteteza munthu amene amamaliza shuga wanga m'kabati.

Tinkaphunzira Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo, dzuwa la chilimwe lisanalowe. Tsiku loyamba chipewa chinakana kulowa chifukwa cha mesh imene ndinali nditaluka, moti Loweruka lake ndinapita ku saluni ya ku Mirrabooka kukamasula n'kuluka mizere yogona ngati mwana wa pulayimale. Woyamba kundigwetsa anali mphunzitsi wa sukulu ya mkaka, wamfupi kundifika m'khwapa. Anangolowa pansi pa chifuwa changa, ndipo ndinapezeka ndikuyang'ana kumwamba, mbalame zoyera zaphokoso za kuno zikudutsa. Ndinamva munthu akuseka, ndipo ndinatenga kanthawi kuzindikira kuti ndine. Akochi anabwera n'kuwerama pang'ono, mmene mawondo awo amawalolera.

"Wamfupi wapambana chifukwa anali pansi. Utali wakowo uusiye kunyumba. Dzuka."

Anandiphunzitsa kuyang'ana zala ndi mapazi a woyang'anizana naye. Zala zikayera chifukwa chotsamira pansi, akubwera molunjika. Phazi lakumbuyo likapendekera kunja, akufuna kukuzungulira. Ndinadabwa kuti zimenezi anthu amachita kuphunzitsidwa. Masewero awiri oyamba palibe amene anandidutsa, ndipo pa achiwiriwo ndinawakha mpira n'kuthamanga nawo anthu awiri atalendewera m'chiuno mwanga. Anzanga anandimenya pachipewa mpaka makutu kulira. Tikamaliza tinkadya masoseji owotcha pambali pa bwalo, titakhala paudzu, miyendo ili mikwingwirima yokhayokha. Ndinkangomvetsera nkhani zawo za amuna ndi ana, ndipo palibe amene ankandikakamiza kuyankhula. Chifikireni ku Perth, foni yanga inkalira pokhapokha shifiti ikasowa munthu. Tsopano ndikachedwa pang'ono inkalira katatu, anthu akufunsa ngati ndili bwino.

Masewero achitatu anali kumpoto, pabwalo lina kufupi ndi Mirrabooka. Popeza ndi kufupi ndi tchalitchi chathu, amayi anayi a kutchalitchi anabwera ndi maambulera ndi mipando yopinda kudzaona zimene mwana wawo wayamba. Tikuvala, ndinaona kutsidya kwa bwalo mayi ena achizungu a imvi mutu wonse, atakhala pabokosi losungira madzi ozizira, mdzukulu wawo akuwaluka tsitsi chingwe chimodzi chachitali. Adzukulu ena awiri ankawakwera m'mawondo. Ndinaganiza kuti abwera kudzaonerera mwana wawo. Kenaka anaimirira, anapsompsona anawo, n'kuvala chipewa.

Titaima pamzere ndinawerama, ndinadzutsa maso, ndipo anali iwowo, pamaso panga penipeni. Chingwe cha imvi chija chinali chitagwera paphewa. Zala zawo zinali zitayera. Ndinadziwa bwinobwino kuti akubwera molunjika. Mnzanga anafuula chizindikiro, mpira unanyamuka, ndipo ine ndinapatuka. Sindinaganize. Phewa langa linangobwerera m'mbuyo lokha ngati tili pakanjira ka kudimba, ndipo ndikukhulupirira kuti ndinanenanso zikomo. Mayiwo anadutsa ngati galimoto yopanda mabuleki. Nditacheuka ndinaona mapazi a mnzanga ali m'mwamba.

"Iwe," anatero akudzuka, udzu uli pachipewa, "uja ni ambuya bako?"

Ulendo wachiwiri ndinaima nji. Koma pokankhana phazi lawo linaterereka, ndipo ntchito ya masiku onse inandilowa m'manja: dzanja limodzi pachigongono, lina kumsana, monga anatiphunzitsira kuntchito. Ndinawaimika bwinobwino. Woyimbira anaponya kansalu kachikasu, chifukwa m'masewerowa kugwira munthu chotero ndi mlandu, ndipo timu yathu inabwezedwa m'mbuyo. Mayiwo anandiyang'ana kudzera m'tizitsulo ta chipewa, osamvetsa. Tsiku lonselo ndinkawakankha ngati ndikukankha chitseko cha chipinda momwe mwagona khanda. Mnzanga anagwetsedwa kambirimbiri, ndipo komaliza anadzuka atagwira nthiti. Tinagonja.

Okhawo amene anakhutira anali amayi a kutchalitchi. Mmodzi anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

"Taona tokha, mwanangu. Unaleredwa bwino."

Akochi anandidikira pomwe tinaimika magalimoto. Sanakalipe. Anatsamira galimoto yawo kuti mawondo apume.

"Timu yomweyi tikumana nayonso pakatha masabata atatu, kwathu. Mayi aja adzaima pomwepo, chifukwa aona kuti pali khomo. Ukadzawatsegulira kamodzi kokha ndidzakutulutsa, ndipo malo ako ndidzapereka kwa wina mpaka sizoni ithe. Mawu otere ndinauzidwapo ine, ndipo sindikonda kuwanena. Koma nthiti zija si zanga, si zakonso."

Ndinangogwedeza mutu. Pobwerera mnzanga anakhala mpando wakutsogolo ataika ayezi m'mbali, ndipo ulendo wonse wa ku Rockingham sanandipatse mpata wopuma.

"Nizagula wigi ya imvi nivale, kapena na ine ungayambe kunilemekeza."

Nthiti sizinathyoke, koma iye anazigwiritsa ntchito mokwanira. Sabata imeneyo ndinamuchapira, ndinamusitira mayunifomu, ndinamunyamulira chikwama mpaka pasiteshoni. Ndikangokhala pansi ankabuula pang'ono n'kuloza ketulo.

Akochi anayesa mankhwala awo onse. Poyamba anati ndikwiye. Anati iwo atangoyamba kumene anaimapo moyang'anizana ndi munthu amene chithunzi chake chinali pakhoma la kuchipinda kwawo ali mwana, ndipo chimene chinawathandiza n'kuganiza kuti munthuyo akufuna kuwalanda chakudya pakamwa. Ndinayesa. Ndinkatsinzina kufunafuna mkwiyo, koma ndinkangoona mdzukulu uja akuluka tsitsi. Kenaka anabwera ndi mopu yotuwa, n'kuimangirira pamwamba pa chithumba chimene timachikankha pophunzira. Timu yonse inafa ndi phwete. Ndinachigunda chithumbacho mpaka mopu inakagwera kutali.

"Waona? Zatheka."

"Akochi, imeneyo ndi mopu."

Anapita kukatola mopu yawo.

Lachitatu lotsatira, m'chipinda cha apongozi awo, anandifunsa mwaulemu kuti vuto lenileni ndi chiyani. Kuntchito ankanditchulabe kuti chemwali, ngati si iwo amene amandikuwa pabwalo. Ndinawauza kuti sindichita kusankha. Ndinati zili ngati kuuza munthu kuti asaphethire chinthu chikamubwerera m'maso. Anati nawonso analeredwa mwaulemu, agogo awo sankalola mwana kuyankha wamkulu atakhala pansi, kungoti agogowo sanavalepo chipewa n'kuima pamzere. Anapukusa mutu.

"Zaka zonse zija ndinaona anthu akuchotsedwa chifukwa cha ulesi, mantha, mawondo. Wochotsedwa chifukwa cha ulemu ukhala woyamba iwe."

Mtsikana wina wa kuyunivesite anayamba kuphunzitsidwa malo anga. Anali wabwino mtima, ankandifunsa mmene ndimaonera zala, ndipo ndinkamuuza. Kuntchito ndinkagwira zigongono monga mwa masiku onse, ndikuganiza kuti Loweruka la masewerolo ndidzavula chipewa n'kubwerera ku moyo wa shifiti ndi tchalitchi basi.

Lamlungu lomaliza, titaweruka kutchalitchi, ndinaimbira agogo. Kuno kunali masana, kwathu kunali m'mawa. Iwo alibe foni; ndimaimba kwa mayi oyandikana nawo nyumba, mayiwo n'kuwapititsira foniyo. Sindinkafuna malangizo, kungoti anandifunsa chifukwa chake mawu anga anali ofooka, ndipo kwa agogo sindidziwa kunama. Ndinafotokoza zonse, za mzere, za woponya, za mayi a imvi.

"Anakulakwira chiyani?"

"Palibe, agogo."

"Nanga ukawagwetserenji?"

"Ndi masewero."

"Munthu wa imvi akusewera?"

"Eya."

"Amuna awo alipo?"

"Sindikudziwa."

"Kwawo n'kuti?"

"Sindikudziwanso."

Pafonipo ndinkamva nkhuku ndi malole a pamsewu.

"Unawapatsa moni?"

"Ayi, agogo. Sitipatsana moni ndi a timu ina tisanayambe."

"Ukugwiranagwirana ndi munthu wamkulu tsiku lonse, mpaka kumugwira kumsana, moni osamupatsa? Ndinakulera ine kapena unaleredwa ndi mbuzi?"

Za kugwetsa sananenepo kanthu. Chimene chinawapweteka ndi nkhani ya moniyo, ndipo anaibwereza katatu asanayambe kudandaula za chiwawu chimene chinagwira kachewere chaka chimenecho.

Loweruka linafika ndi mphepo ya kunyanja imene imawomba masana ku Rockingham. Matimu onse awiri anali atafika, iliyonse mbali yake ya bwalo. Palibe amene amawoloka kupita mbali inayo masewero asanayambe; mumangoyang'anana chapatali. Ndinaika chipewa changa pansi n'kuyamba kuyenda. Ndinamva mnzanga akufunsa kumbuyo kwanga.

"Ayenda kuti uyu? Achinja timu?"

Sindinacheuke. Bwalolo silinanditalikirepo chotero.

Mayi aja anali pabokosi lawo lomwe lija akumanga nsapato. Ndinaima chapatali pang'ono, ndinanyonyomala kuti mutu wanga usakhale pamwamba pa wawo, n'kuphatikiza manja. Osewera awo anasiya zimene ankachita.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Wavulala?" anafunsa.

"Ayi. Ndabwera kudzakupatsani moni. Tsiku lija sindinakupatseni."

"Ndiwe uja unandigwira ngati ndikutsika basi."

"Ndine, amayi."

Ndinawauza, m'Chingerezi changa cha kuntchito, maso ali pansi, kuti kwathu mwana sakankha munthu wamkulu, kuti ine ndinaleredwa ndi agogo, ndiponso kuti lero ndikapanda kuwakankha ndichotsedwa pamalo anga. Ndinati ndabwera kudzapempha chilolezo.

Anaseka mpaka kutsokomola. Anaitana anzawo awiri kuti ndibwereze, koma ataona nkhope yanga anawabweza ndi dzanja.

"Tamvera, mwanawe. Ine ndimayendetsa kireni yonyamula zitsulo ku Kwinana, pakati pa amuna okhaokha, kuyambira iwe usanayambe sukulu. Palibe anandipatukirapo. Tsiku lija nditafika kunyumba, mdzukulu wangayu anati, agogo, mtsikana wamtali uja anakumverani chisoni. Sabata yonse chakudya sichinandikomere. Kwanuko wamkulu akalamula, mwana amatani?"

"Amamvera."

"Ndiye ndikukulamula. Undigunde ndi mphamvu zako zonse. Ukandipatukiranso, ndipeza nambala ya agogo akowo ndiwauze kuti sumva."

"Zikomo, amayi."

"Dzuka, mawondowo ukuwafuna."

Akochi anandidikira manja ali m'chiuno.

"Unakatani kumeneko?"

"Kukapereka moni."

Analoza chipewa changa paudzu. "Vala chipewa."

Pamzere woyamba zala zawo zinayera monga kale. Mnzanga anafuula, ndipo ndinanyamuka ndi miyendo yonse iwiri, mutu m'mwamba, manja pachifuwa pawo, monga ndinaphunzitsidwira. Phokoso lake linali ngati la chitseko cha lole. Masabata atatu onse ndinkaganiza kuti ndikadzangowagunda adzathyoka ngati okalamba a kuntchito kwanga. Sanasunthe n'komwe. Zinali ngati ndagunda chitsa. Tinakankhana pomwepo, nsapato zikukumba udzu, mpaka mpira unadutsa pamwamba pathu n'kukagwera m'manja mwa mnzathu kutsogolo. M'kati mwa chipewa chawo ndinamva akuseka.

"Bola pamenepo," anatero. "Koma ulemu ukadalipo m'dzanja lamanzere."

Mayi aja anali katswiri. Kawiri anandipusitsa ndi phazi: ankalipendeketsa kunja dala, ine n'kulitsatira, iwo n'kulowera m'kati. Kamodzi anafika kwa mnzanga ndithu, koma ndinali nditawachedwetsa moti mpira unali utapita kale. Nthawi iliyonse ndikamabwerera pamzere ndinkasuzumira pambali pa bwalo, pomwe mtsikana wa kuyunivesite uja anaima pafupi ndi akochi, chipewa chili kumutu, akudikira.

Tisanapume pakati pa masewero ndinaona kanthu. Asanandipusitse ndi phazi, ankayamba agwedeza phewa kuti chingwe cha tsitsi chigwere kumbuyo. Atateronso, sindinatsatire phazi. Ndinawadikira m'kati, ndinatsika pansi kuposa iwo, n'kunyamuka nawo. Anagwa chagada, ine pamwamba pawo. Mnzanga anadutsa pomwepo ndi mpira, akukuwa m'Chinyanja zinthu zimene sindingalembe pano, mpaka kukafika kumapeto kwa bwalo.

Wezulo italira ndinawapatsa dzanja. Zimenezo n'zololedwa. Analigwira, anadzuka, anandimenya pachipewa, n'kubwerera kwa anzawo akutsimphina pang'ono. Adzukulu awo ankandikuwiza. Nditayang'ana mbali yathu, mtsikana uja anali atavula chipewa, atakhala paudzu akusenda lalanje. Akochi anangoloza pamzere ndi chala chawo chokhota kuti ndibwerere.

Tinapambana movutikira. Masewero akatha matimu amadutsana pamzere kugwirana chanza, ndipo mayi aja atafika pa ine anavula chipewa, tsitsi litanyowa ndi thukuta, n'kundikokera pafupi.

"Chaka chamawa ukadzabweranso kudzapempha, ndidzakana. Udzaone chochita."

M'mawa mwake kutchalitchi nkhani inali itandiyambira kufika. Mayi amene anandiyamikira uja anandiimitsa pakhomo, nkhope ili yolemera.

"Tamva kuti dzulo wagwetsa nkhalamba."

"Ndinapempha kaye, amayi."

"Anavomera?"

"Anachita kundilamula."

"Ngati unapempha, palibe mlandu," anatero, n'kundipatsa buku la nyimbo.

Malo aja ndinakhala nawo mpaka sizoni inatha, ndiponso yotsatira yake. Titakumananso ndi timu yawo ndinawolokadi bwalo, ndinanyonyomala, ndinapereka moni, ndinapempha. Anakana, adzukulu awo ali mboni. Ndinathokoza, ndinabwerera kukavala chipewa, ndipo tsiku limenelo ndinawagwetsa kawiri.